Maluwa Kapena Utoto wa M'thengo? Mbiri ya Nsalu Kuno Kwathu

Nkhani ya ulendo uno yabadwa pa mkangano wa amayi. Musadandaule, sunali mkangano wotukwanizana ayi. Amayi a Chigwirizano pa mpingo wina wa kufupi ndi Ntengo-wa-Mbalame, m'boma lathu lino la Tsangano, anapangana kuti akatuta chimanga ndi kukumba mbatata ya kachewere, azikumana masana amodzi pa sabata kuti aphunzire luso la manja lopumulirapo mtima. Anasonkherana kandalama, koma kanali kokwanira luso limodzi lokha. Apa mpamene panagona nkhani.

Gulu lina, makamaka la amayi achitsikana, linati: "Tiphunzire kukonza maluwa. Pa ukwati timachita kukabwereka maluwa apulasitiki ku Ulongwe, pa maliro timangothyola zilizonse za kumpanda n'kupinda nkhata yosaoneka bwino." Gulu lina linati: "Iyayi, tiphunzire kunika nsalu ndi makungwa, masamba ndi mizu monga ankachitira makolo." Mayi wina pofuna kuyanjanitsa anati angochita zonse ziwiri, koma amayi a pampando anamukumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Potsiriza anatipeza ife. "Abusa, mutiweruze ndinu."

Tinawayankha kuti, "Amayi, mfumu siweruza mlandu isanamve kumene unayambira. Tipatseni masabata awiri." M'masabata amenewo tinafukula mabuku a mbiri, ndiponso tinakhala pakhonde ndi agogo angapo. Zimene tinapezazo taona kuti n'zoyenera kugawana nanu, pakuti funso la amayiwa, ngakhale likuoneka laling'ono, latsegula mbiri ya zaka zoposa 400.

Pamene tinkavala mtengo

Tisanakambe za utoto, tiyambe ndi chimene chinkanikidwacho. Nsalu yakale kwambiri ya anthu a mapiri ano ndi chiwondo, ena amati nyanda. Mwamuna ankapita kuthengo nasankha mombo wowongoka wopanda mfundo, kapena kachere. Ankalemba khungwa ndi nkhwangwa mozungulira, kumwamba ndi kumunsi, kenaka n'kuling'amba chotsika ndi kulisenda. Akapala kunja kokhakhalako, ankaliviika m'madzi kuti lifewe, ndipo ankaliyala pa chipika n'kumalimenya ndi chibonga cholembedwa mizere. Likamamenyedwa khungwalo limatambasuka ndi kufewa, mpaka kusanduka nsalu yoti munthu n'kuvala, kufunda kapena kuberekera mwana.

M'chaka cha 1831 msilikali wa Chipwitikizi, António Gamitto, adanyamuka ku Tete pamodzi ndi Major José Correia Monteiro kupita kwa Mfumu Kazembe. Adadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa kumpoto kwa Zambezi, ndipo m'buku lake limene lidasindikizidwa ku Lisboa mu 1854 adalembamo za nyanda imene anthu ankavala. Tsono amene amati makolo athu ankayenda chabe osavala mpaka azungu adafika, sadziwa mbiri.

Nanga utoto unkalowa pati? Chiwondo chikangomenyedwa chimakhala chotuwa mofiirira. Wofuna chakuda ankachikwirira m'matope akuda a kudambo, n'kudzachivuula, kuchitsuka ndi kuchiyanika. Mwina mudaonapo mpeni ukuda mutasenda nthochi zaziwisi. Chinsinsi chake n'chomwecho. M'khungwa muli chinthu chija chimamanga m'kamwa ukaluma chipatso chosapsa, chimene a sayansi amachitcha tanini. M'matope a kudambo muli chitsulo. Ziwirizi zikakumana zimabala mtundu wakuda umene suchoka msanga. Makolo sankadziwa dzina la tanini, koma ntchito yake ankaidziwa bwino lomwe.

Nzeru yomweyi ndi imene anthu a ku Mali amapangira nsalu yawo yotchuka ya bogolan, imene amayamba kuinyika m'madzi a masamba kenaka n'kuilemba ndi matope. Ku Uganda nako Abaganda akumenyabe nsalu ya khungwa la mutuba, mbale wake wa kachere wathuyu, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza luso limeneli kuti ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Chimene ena adachikweza, ife tidachibisa kuseri kwa nyumba. Chifukwa chake tichiona kutsogoloku.

Machila ndi njinga

Nsalu yachiwiri inali ya thonje. Wansembe wa Chidominiko, João dos Santos, amene adafika ku Sena ndi ku Tete chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, adalemba m'buku lake la mu 1609 kuti anthu a m'mbali mwa Zambezi ankalima thonje ndi kuwomba nsalu zotchedwa machila. Nsalu zimenezi zinali zokhuthala ndi zolimba, ndipo zinkayenda pa malonda ngati ndalama. Munthu ankatha kugula nazo chakudya, kulipira mlandu kapena kupereka msonkho kwa mfumu. Pambuyo pake dzina lomweli lidapita pa chonyamulira chija chomangirira nsalu ku mtengo, chimene makolo athu adasenzapo azungu ndi mafumu, ndipo lero tikati machila timaganiza za wodwala. Poyamba penipeni machila inali nsalu.

David Livingstone atayenda pakati pa Amang'anja a ku Shire mu 1859, adapeza pafupifupi banja lililonse lili ndi kamunda ka thonje, ndipo thonjelo linali la mitundu iwiri: thonje manga, lochokera kunja, ndi thonje kaja, la konkuno. Chodabwitsa kwa amayi athu a lero n'chakuti kupota ulusi ndi kuwomba inali ntchito ya amuna. Bambo ankakhala pabwalo akucheza, dzanja likupota. Kachipangizo kozungulira kopotera ulusiko dzina lake kanali njinga. Inde, njinga yomwe mumakwerayi idatenga dzina kwa kanthu kopotera thonje, chifukwa cha kuzungulira kwake.

Kuno kumtunda thonje silichita bwino chifukwa cha kuzizira. Dziko lathu ndi la tirigu, kachewere, kabichi ndi mapichesi. Kotero machila ankachita kukwera kuchokera kuchigwa pamutu pa amalonda, ndipo munthu wamba ankadalirabe chiwondo. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, adabwera ndi kavalidwe kawo ka zikopa ndi mikanda. Motero m'mudzi umodzi munkapezeka zovala zitatu: cha mtengo, cha nyama ndi cha thonje.

Nsalu ya ku India ndi mafumu a Macanga

Panali nsalu yachinayi imene aliyense ankaisirira, yochokera kutsidya kwa nyanja. Kwa zaka mazana angapo zombo zinkabweretsa nsalu za ku Gujarat, m'dziko la India, ndipo zinkakwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete. Zambiri zinali zonikidwa ndi chomera chotchedwa indigo, Apwitikizi amati anil, chimene chimapereka mtundu wa mtambo wodera, wofuna kuda.

Abale athu a ku Macanga mbiri iyi ikuwakhudza kwambiri. M'zaka za m'ma 1700 kudabwera munthu wochokera ku Goa, Gonçalo Caetano Pereira, amene ankakumba golide kumpoto kwa Zambezi ndi kuchita malonda ndi Abisa. Mwana wake Manuel adafika mpaka kwa Kazembe mu 1796. Zidzukulu za banja limeneli zidasanduka mafumu a Macanga, mpaka pamene Chinsinga adagonjetsedwa ndi Apwitikizi mu 1902. Mphamvu yawo inali pa mfuti ndi pa nsalu. Ndi nsalu ankagula minyanga, ndi nsalu ankalipira asilikali awo, ndipo tisabise, ndi nsalu yomweyo anthu ankagulidwa ukapolo. Pali makolo athu amene adasinthanitsidwa ndi mikwamba yowerengeka ya nsalu yonikidwa bwino.

Tsono tamvani ichi. Livingstone atafika ku Tete m'mwezi wa Malichi 1856, adaona chomera cha indigo chikungomera chokha ponseponse ngati udzu. Mtundu umene anthu ankaugula ndi minyanga ndi ana a eni, tsinde lake linkapondedwa ndi mbuzi pakhomo. Kusiyana kunali pa luso lokha. Masamba a indigo safuna kuphika. Amaviikidwa m'madzi mpaka atasasa, ndipo nsalu ikatuluka mumtsukomo imaoneka yobiriwira, koma ikangopitidwa mphepo imasanduka yabuluu uku ukuona. Wodziwa zimenezi ankalemera, wosadziwa ankagula.

Mtundu wa nsalu unalinso ndi tanthauzo. Ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje ku Malawi, nsalu yoyenera inali yakuda, chifukwa chakuda chinkaimira mtambo wa mvula. Sitikunena izi kuti tibwerere ku nsembe zimenezo, koma kuti tizindikire kuti makolo sankanika nsalu mwachisawawa. Ngakhale ife, biriwita tikamuona timadziwa kuti pakhomo pagwa zovuta.

Chaka cha 1856

Chaka chomwecho chimene Livingstone ankaona indigo ku Tete, ku London mnyamata wa zaka 18, William Henry Perkin, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo, kuchokera ku phula la malasha. Kwinini sadatuluke. M'malo mwake mudatuluka utoto wofiirira mwa chibakuwa, mtundu uja ankagulitsa Lidiya wa m'buku la Machitidwe, umene kalelo ankavala anthu olemera okhaokha. Kuyambira pamenepo utoto udachoka kumunda n'kulowa m'fakitale. Mu 1897 kampani ya ku Germany ya BASF idayamba kugulitsa indigo wopangidwa ndi mankhwala, ndipo m'zaka zochepa minda ya indigo ku India idafa.

Kuno kwathu zotsatira zake zidafika kudzera m'masitolo. Nsalu ya m'fakitale inali yopepuka, yowala, yamaluwamaluwa, ndiponso yotsika mtengo poyerekeza ndi masabata amene bambo ankatha akuwomba chila chimodzi. Anyamata opita ku Joni ndi ku Rhodesia ankabwerako ndi mabulangete ndi majekete. Njinga ya thonje idaponyedwa kudenga. Ndipo mu 1938 boma la Chipwitikizi lidakhazikitsa bungwe loyang'anira thonje la m'maiko amene linkawalamulira, ndipo anthu a m'zigwa za Mozambique adakakamizidwa kulima thonje mpaka 1961. Thonjelo linkagulidwa pa mtengo wolira, kupita ku mafakitale a ku Portugal, n'kubwerera ngati nsalu yogula. Zidzukulu za owomba machila zinkalima thonje ndi chikwapu kumsana, koma osaloledwa kudyerera thukuta lawo.

Chifukwa chimene agogo adakhalira chete

Titapita kwa agogo ena a zaka zopitirira 80 kukafunsa za kunika, poyamba anatiyang'ana osayankha. Kenaka anati: "Abusa, zimenezo n'zaumphawi. Mukufuna mutibwezere kunkhondo kodi?"

Mawu amenewa anatilasa, pakuti tikudziwa kumene akuchokera. Ife tidali ana pamene nkhondo idakula m'dera lino cha m'ma 1986, ndipo tidawoloka malire ndi makolo athu kukakhala m'mbali mwa msewu wa ku Ntcheu ndi Dedza. Dziko la Malawi lidasunga anthu a kwathu opitirira 1 miliyoni. Amene adathawa msanga adafika ndi kapulana wawo m'chiuno. Koma amene adatsalira m'tchire chaka chimodzi kapena ziwiri, kopanda sitolo, kopanda sopo ngakhale mchere, ankafika atavala masaka, ena atavala chiwondo. Tikukumbuka mayi wina amene adafika usiku dala, kuopa kuti anthu angamuone. Tikukumbukanso, ndipo tikuchita nazo manyazi, kuti ife ana tidaseka.

Taganizani bwino. Luso limene lidabisa umaliseche wa anthu pamene boma, sitolo ndi fakitale zonse zidalephera, ndi lomwelo limene tidalitcha chizindikiro cha usiwa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tidabwerera kwathu titavala kaunjika, zovala zija kuno timati kalamidadi. Palibe amene adafunanso kumva za khungwa ndi matope. Agogo adatseka pakamwa, ndipo ife sitidafunse.

Tinakhala nawo agogo aja mpaka dzuwa kupendeka. Titawafotokozera za ku Uganda ndi ku Mali, anaseka nati, "Kani azungu amagula zimenezo?" Kenaka anayamba kutchula okha: mlombwa, chitimbe, mbawa, dambo lakuti limene matope ake amadetsa bwino, dambo lakuti limene matope ake ndi achabe. Mawu a akulu akoma akagonera, koma akagonera mopitirira amapita nawo kumanda.

Nanga maluwa adabwera bwanji?

Tisawalakwire amayi a gulu la maluwa, pakuti nawonso ali ndi mbiri. Maluwa m'dziko muno adalipo chilengedwere. Nyengo ya dzinja mapiri athu amavala. Muli duwa lija lofiira ndi chikasu looneka ngati lawi la moto, limene ku Zimbabwe adalisankha kukhala duwa la dziko lawo. Muli gladiolus wa kuthengo, amene alimi a maluwa a ku Ulaya adatenga mbewu yake ku South Africa m'zaka za m'ma 1800 n'kumukwatitsa ndi ena, mpaka kubala maluwa amene lero amagulitsidwa m'mizinda ikuluikulu. Koma makolo athu chomera ankachifunsa mafunso atatu: kodi chimadyedwa, chimachiza, kapena chimamanga nyumba? Duwa ankalisiya pa tsinde pake kuti njuchi zidye.

Mwambo wobzala maluwa pakhomo, kuwadula ndi kuwaika m'botolo patebulo udabwera ndi anthu a ku Ulaya: amishoni, akuluakulu a boma ndi eni masitolo. Amishoni a Dutch Reformed adatsegula Mphatso mu 1909, ndipo boma la Chipwitikizi lidawatsekera ntchito mu 1922. Akatolika adakhazikika ku Lifidzi nyengo yomweyo. Kwa Akatolika maluwa ali ndi malo ake paguwa, ndiponso pa 2 Novembala pamene amakayendera manda a abale awo. Makachisi a Chireformed kuyambira kale adali osakongoletsa kwambiri, maso onse pa gome lolalikirira, kotero maluwa adalowamo pang'onopang'ono, kudzera pa maukwati ndi pa zikondwerero. Boma nalo lili ndi mwambo wake woika nkhata za maluwa pa 3 Febuluwale, tsiku lokumbukira ngwazi za dziko, limene Eduardo Mondlane adaphedwa mu 1969.

Maluwa ambiri amene timawayesa akwathu ndi alendo. Bougainvillea wa pa mpanda uja kwawo ndi ku South America. Deliya amene wadzaza m'mbali mwa misewu, dahlia, ndi kaduwa kachikasu konunkha kaja Apwitikizi amati cravo-de-defunto, Angerezi marigold, onsewa kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Izi sizichepetsa ulemu wawo. Chimanga ndi kachewere nazonso zidachokera ku maiko a ku America, koma ndani angati nsima ndi yachilendo? Nkhata ya pamanda lero ndi mwambo wathu ndithu. Mayi amene amakhala pansi m'mawa wa maliro kuluka nkhata ndi manja ake akutumikira ofedwa, ndipo ntchito yake ndi yolemekezeka kuposa pulasitiki wogula amene amakhala pamanda zaka osafota, osaola, mbuzi n'kumamutafuna.

Tiike pa sikelo

Tsono tinabwerera kwa amayi aja ndi mfundo izi.

Kukonza maluwa n'kosavuta kuyamba. Mpeni, botolo, madzi ndi diso labwino, basi. Dziko lathu lozizirali maluwa amalikonda. Chimwemwe chake n'chapompopompo, ndipo mpingo wonse umachiona Lamulungu lomwelo. Koma vuto lili pa nyengo. Miyezi imene amayi ali ndi mpata, Juni ndi Julayi, ndi imene chisanu chimawaula zomera kumadimba, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa madzi amakhala a ndiwo ndi a pakhomo. Maluwa amachuluka dzinja, pamene aliyense ali ndi khasu m'manja. Komanso duwa lodula limakhala masiku atatu kapena anayi. Tichenjezenso kuti duwa la lawi la moto lija ndi lapoizoni, makamaka mizu yake, choncho lisamaseweretsedwe ndi ana.

Kunika n'kochedwa ndipo kumafuna kudekha. Nsalu iyenera kukhala ya thonje lenileni kapena ubweya wa nkhosa. Iyambe yaphikidwa ndi sopo kapena chidulo kuti mafuta ndi phala la kufakitale zichoke. Makungwa kapena masamba, olemera mofanana ndi nsaluyo, aphikidwe pa moto wofatsa kwa ola limodzi kapena kupitirira, madziwo asefedwe, nsalu ilowemo ndi kumatembenuzidwa, ndipo igone momwemo. Kuti utoto ugwire pamafunika chougwiritsa: mchere uja wa m'masitolo Apwitikizi amati pedra-ume, kapena madzi amene mwaviikamo misomali yadzimbiri, kapena matope a kudambo. Mphika wonikira usaphikirenso chakudya. Makoko a anyezi amapereka chikasu chofiirira. Nthangala za mapeyala zimapereka kufiira kotuwa. Masamba a bulugamu, khungwa la chitimbe ndi la mbawa amapereka mitundu yofiirira ngati dothi la katondo. Chikasu chenicheni, muzu uja udapatsa dzina mtundu wa chikasu, chimawala msanga koma chimasuluka padzuwa, ndipo mukachithira chidulo chimasanduka chofiira. Ntchito yonseyi imayenda bwino m'chilimwe, pamene kuli dzuwa loyanikira ndi mpata wokhala pansi.

Koma kunika kuli ndi ngozi yake, ndipo tinaitchula mosabisa. Mtengo ukasendedwa khungwa kuzungulira umauma. Nkhalango za Tsangano ndi Macanga zatha kale ndi makala, zigafa za fodya ndi macheka a ogula matabwa. Mtengo wa nkula, umene mtima wake wofiira makolo a m'maiko ano ankaupera kukhala utoto, udadulidwa kwambiri kupita kunja, mpaka mu 2019 maiko adauika pa mndandanda wa pangano la CITES wa mitengo imene malonda ake ayenera kuyang'aniridwa. Mu 2022 adaonjezapo mlombwa ndi mbawa. Tsono gulu la amayi a mpingo lisakhale nkhwangwa ina. Makungwa atengedwe pa mitengo yogwa kale, pa zipalapala za akalipentala, kapena kachigamba kakang'ono mbali imodzi yokha.

Pomaliza tinanena maganizo athu. Tinati: "Amayi, zonse ziwiri n'zabwino, ndipo palibe tchimo posankha chilichonse. Koma maluwa adzakudikirani. Chaka chamawa bougainvillea adzaphukanso, ndipo wophunzitsa kukonza maluwa mudzamupeza ku Ulongwe kapena ku Tete tsiku lililonse. Aphunzitsi a kunika atsala owerengeka m'midzi yathu, ndipo onse akuyenda ndi ndodo. Mukazengereza zaka zisanu mudzafunsa manda."

Zimene anachita

Sikuti onse anakondwa. Mayi wina wachitsikana anati, "Abusa, inu mwakondera agogo." Tinavomera kuti n'zoona. Atakambirana paokha anagwirizana kuti chaka chino ayambe ndi kunika, ndipo nkhani ya maluwa adzaionenso mvula ikagwa.

Ulendo woyamba zinakanika. Anagula nsalu yoyera yowala bwino pamsika, anaiphika tsiku lonse m'madzi a chitimbe, inatuluka yofiirira bwinobwino, anthu n'kuomba m'manja. Atangoichapa, utoto wonse unatsalira m'beseni. Nsaluyo inali ya poliyesita, ulusi wa pulasitiki, umene sumwa utoto wa zomera. Theka la kandalama kaja linapita pamenepo, ndipo a gulu la maluwa sanalephere kutikumbutsa. Agogo aja ndi amene anapulumutsa zinthu. Anati, "Ana inu, nsalu imayesedwa ndi moto." Anasolola kaulusi n'kukayatsa. Kanasungunuka n'kupanga kamphumphu kolimba, konunkha ngati jumbo. "Thonje likapsa limanunkha ngati pepala, limasiya phulusa. Pitani mukagule ina, ndipo mutenge machesi."

Ulendo wachiwiri anagula nsalu ya thonje. Anainyika m'chitimbe, anamanga mfundo m'mbali mwake ndi luzi, ndipo agogo anawatsogolera okha ku dambo limene adalitchula lija. Mawa lake anavuula nsalu yakuda motuwa ngati mtambo wa mvula, yokhala ndi timizere tofiirira pamene panali mfundo. Yachapidwa katatu tsopano ndipo mtundu ulipobe. Pamene ankaiyanika, agogo anaigwira nthawi yaitali osalankhula, kenaka anati amayi awo adali ndi yotere.

Mayi wachitsikana uja sanagonje. Wafesa marigold kuseri kwa tchalitchi, m'mbali mwa ngalande ya pachitsime. Akuti akaphuka adzayamba waika patebulo Lamulungu, ndipo akayamba kufota adzawapereka kumphika, poti wamva kuti amatulutsa chikasu chabwino. Amayi a pampando akuti tiona ngati mapanga awiriwa sadzavumbwitsa.

Tsono pempho lathu likupita kwa inu aphunzitsi ndi ophunzira a sukulu za kwacha m'mipingo yonse ya Tsangano ndi Macanga, kuyambira ku Biriwiri mpaka ku Furancungo. Mwaphunzira kulemba, ndiye nayi ntchito yoti mulembe. Pitani kwa agogo a m'mudzi mwanu, amuna ndi akazi omwe, mukhale pansi mwaulemu, ndipo muwafunse mafunso awa. Kodi chiwondo chinkachokera ku mitengo iti kwanuko? Ankachidetsa kapena kuchifiiritsa ndi chiyani? Nanga mikeka, nsengwa ndi madengu ankazinika bwanji? Ndi dambo liti limene matope ake amagwira? Lembani dzina la mtengo monga amalitchulira iwowo, mbali imene imagwira ntchito, mwezi wotengera ndi mtundu umene umatuluka. Akayamba ndi kukana, musafulumire kunyamuka, pakuti mwina mwakhudza chilonda cha nkhondo. Zimene mwalembazo mupatsire abusa kapena akulu a mpingo wanu kuti atitumizire, ndipo tidzazisindikiza m'masamba ano ndi dzina la mudzi wake.